Ankati Mutu Wanga Udzapola ndi Ukwati

Chaka chimene ndinakwatiwa ndinalangizidwa mpaka makutu kutopa. Ku tchalitchi anatiphunzitsa, ku chipatala anationa, kumudzi azakhali ndi anzawo ananditsekera m'nyumba. Konseko ndinanena chinthu chimodzi, chakuti mutu umandipweteka, ndipo konseko anandiyankha ngati ndanena zocheza. Lero ndine nkhalamba, zambiri ndaiwala, koma mayankho amenewo ndimawakumbukira pamodzi ndi nkhope za amene anawanena.

Kwathu ndi mudzi wina cha ku Pembamoyo. Atate ndi amayi ankalima chimanga ndi nsawa, ndipo Lamlungu tinkapemphera m'katchalitchi ka udzu kamene ansembe a ku mishoni ankafikako mwa apo ndi apo. Mutu unandiyamba nditangotha msinkhu. Sunali mutu wa malungo. Unkagwira kunkhongo m'mawa ndikangodzuka, ngati munthu wandimanga ndi luzi n'kumakoka, uku m'makutu mukulira. Ndikasenza ndowa kuchokera kudambo ndinkaona timoto tikuuluka m'maso, ndipo nthawi zina kamfuno ankangotuluka ndili chikhalire. Amayi ankandimanga kansalu pamphumi n'kunena kuti ndi dzuwa.

Pamtundu pathu zotere sizinali zachilendo. Amayi aakulu anagwa ali kumunda, n'kudzuka mkono ndi mwendo zitafa, pakamwa patapotoka, ndipo anthu ankati anaponda mankhwala pamphambano. Amalume ena anangogwa panjinga akuchokera ku chigayo, osadzukanso. Palibe amene anaganizapo kuti nkhani zimenezi ndi imodzi, kapena kuti mutu wa ine mtsikana unali pachibale ndi zimenezo.

Amene anadzakhala amuna anga anali mnyamata wa ku Zemba, wolima thonje, wofatsa, wa mawu ochepa. Tinadziwirana ku kwaya. Ankhoswe atamvana, tinakalembetsa ukwati ku tchalitchi, ndipo tinayamba kupita kwa akatekisiti Loweruka lililonse kukaphunzira. Anatiphunzitsa za sakramenti, za kumverana, za ana kuti ndi mphatso yosakanidwa. Za thupi la munthu amene adzabereke anawo sananenepo kanthu. Tsiku lina mutu unandigwira tili m'kati mwa phunziro, ndipo nditawauza anati ndi mantha a ukwati, ndipemphere korona zidzatha.

Ansembe anali atalamula kuti aliyense wofuna ukwati woyera ayambe wakaonedwa ku chipatala. Lamulo limenelo linali labwino, sindilinena. Koma akatekisiti analitchula pomalizira, anthu tikunyamuka kale, monga mmene munthu amakumbutsira anzake kuti mawa abwere ndi makasu. Sanatiuze chimene tikapimidwe, kapena chimene tikafunse.

Tinapita panjinga, ine kumbuyo. Kachipatalako kanali ka zipinda ziwiri, ndipo kankayendetsedwa ndi bambo wina wa jekete loyera amene tonse tinkamutchula kuti adokotala. Tsikulo tinalisankha molakwika. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo wamkulu wa chipani akamadutsa kupita ku boma, sukulu zinkatsekedwa, msika unkatsekedwa, aliyense kumsewu kukaomba m'manja. Tinapeza adokotala akupukuta nsapato, maso ali pawindo. Panali maanja ena amene anabweranso pa nkhani yomweyo, ndipo pofuna kuthana nafe msanga anatilowetsa tonse pamodzi n'kutiimika kukhoma.

Anayamba ndi anyamata. Anawafunsa mokweza, pamaso pa atsikana awo ndi pa atsikana a eni, ngati pali amene amamva kuwawa pokodza kapena amene ali ndi zilonda kumalo obisika. Ndani akanayankha pagulu potero? Onse anaweramitsa mitu. Kenako anatembenukira kwa ife n'kufunsa ngati pali amene ali kale ndi pakati, kuti asavutitse ansembe ndi chovala choyera. Anaseka yekha. Anationa malilime, n'kutikoka zikope, basi kupimako kunali komweko. Pa tebulo pake panali kabokosi kachitsulo kotalika, kotsegula, mkati muli kagalasi koimirira, kansalu kakuda ndi kampira konga dzira. Anali atatsamiritsapo wailesi yake. Sindinkadziwa kuti ndi chiyani.

Sindidziwa kumene ndinatenga mphamvu, chifukwa ndinali wamanyazi, koma ndinalankhula.

“Adokotala, ine mutu umandipweteka kunkhongo kuno, ndipo ndimaona timoto m'maso.”

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

“Mtsikana wonenepa bwino ngati iwe? Umenewo ndi mutu wa unamwali. Ukangolowa m'nyumba ya mnyamatayu udzapola.”

Chipinda chonse chinaseka. Mnyamata wangayo sanaseke, anangoyang'ana pansi. Adokotala anandikulungira timapiritsi ta asipirini m'kapepala, n'kutitulutsa, n'kukhoma chitseko, ulendo wa kumsewu. Nafenso tinakaima nawo padzuwa mpaka magalimoto anadutsa n'kutithira fumbi.

Patatsala masiku ochepa kuti ukwati uchitike, azakhali, mlongo wawo wa atate, anasonkhanitsa amayi anzawo kudzandilangiza. Anali mayi olemekezeka, ndipo m'mudzi mwathu namwali sankalowa m'banja osadutsa m'manja mwawo. Anandikhazika pamphasa tsiku lathunthu. Anandiuza za mikanda, za madzi osamba a mwamuna, za kugwada popereka chakudya, za masiku amene mkazi sathira mchere m'ndiwo. Zina mwa zimenezo zinandithandiza m'banja, sindingakane. Koma nditanena za mutu, mayi wina anandiloza ndi chala n'kunena kuti chimenecho ndicho chinyengo cha atsikana a masiku ano, kunamizira mutu pofuna kukana mwamuna. Azakhali anawonjezera kuti asadzamve kuti mwana wa mlongo wawo wagona masana m'nyumba ya mwamuna. Mkazi amamanga kansalu n'kupita kumunda. Ndinawomba m'manja kuthokoza, monga anandiphunzitsira.

Ukwati unachitika, ndipo amuna anga anabwera kudzamanga nyumba kwathu monga mwa mwambo. Mutu sunapole. Mvula isanathe ndinali ndi pakati. Kusikelo ndinkapita, pasadzapezeke wonena kuti ndinali waulesi. Ankandiimika pasikelo, kundisisita pamimba, kundipatsa mapiritsi ofiira owonjezera magazi. Kabokosi kaja panalibenso pa tebulo. Pambuyo pake ndinadzamva kuti kampira kake kanaphulika, anakatumiza kokakonza, ndipo sikanabwerenso. Adokotala ankaona sikelo ikukwera n'kunena kuti thupi likubwera bwino. Chimene chinkakweracho anali madzi.

Mapazi anayamba kutupa mpaka patapata kukana kulowa. Mphete ya ukwati inamira m'chala. M'mawa nkhope inkakhala ngati ya munthu wolumidwa ndi njuchi, ndipo ndikadina ndi chala pamwendo pankatsala dzenje. Azakhali anangondiona kamodzi n'kunena kuti ndi tsempho. Kwathu ankakhulupirira kuti mwamuna akayenda ndi mkazi wina pamene mkazi wake ali ndi pakati, mkaziyo amatupa, ndipo sachira mpaka mwamunayo ataulula.

Anaitana ankhoswe, nawakhazika amuna anga pansi pa mtengo wa mango, ine ndili pakhonde kumvetsera. Anawapanikiza kuti atchule mkaziyo. Iwo anakana, n'kunena kuti chikwatirire sanagonepo kunja, ngakhale kwawo ku Zemba ankapita n'kubwerera tsiku lomwelo. Anapempha kuti anditengere ku boma panjinga, akandione a chipatala cha kumeneko. Azakhali anati munthu wosalakwa sathamangira ku boma mlandu uli pabwalo, ndipo anawauza maso ndi maso kuti ndikafa, wondipha ndi iwo. Mkamwini ali pamudzi pa eni, akanatani? Ndinawaona akulira, mwamuna wamkulu, misozi ikugwera pa maondo. Ine ndinkadziwa kuti sakunama, ndipo ndinanena, koma anandiuza kuti mkazi wa mimba yoyamba salankhula pa nkhani za akulu.

Anandifunira mankhwala a tsempho, mizu yonyika m'madzi osakaniza ndi mchere, kuti ndizimwa m'mawa ndi madzulo. Mchere, kwa munthu amene magazi ake anali akuthamanga kale.

Tsiku limene ndinagwa tinali kuswa nsawa ndi amayi pabwalo, dzuwa litapendeka. Ndinamva kupweteka pansi pa nthiti, kenako nsawa za m'lichero zinayamba kuoneka ziwiriziwiri. Zotsatira ndinachita kuuzidwa. Akuti ndinagwa chagada n'kuyamba kuphupha, thovu kukamwa, lilime nditaliluma. Amuna anga sanafunsenso munthu. Anakabwereka ngolo, namanga ng'ombe, nandigoneka pa matumba, amayi atandigwira mutu. Ku boma anandibaya jekeseni n'kundikweza galimoto ya ku Chipata.

Ndinadzuka m'chipinda chachikulu cha mabedi ambiri, mimba itaphwa. Mwana anali wamkazi. Anabadwa atafa kale. Amayi ndi amayi ena odikirira odwala ndiwo anakamuika, mwakachetechete, monga amachitira ndi nthayo, popanda maliro, popanda kulira. Sindinamuone. Amuna anga nawonso sanaloledwe kumuona.

M'mawa mwake kunabwera dokotala weniweni, mayi wamtali wa magalasi, ali ndi anesi. Anesiwo anaika kabokosi kachitsulo pabedi panga, natsegula, natulutsa kansalu kakuda n'kundikulunga pamkono. Anayamba kufinya kampira. Ndinakazindikira. Kanali kofanana ndi kaja kotsamiritsidwa wailesi. Kupimako sikunatenge nthawi ngakhale yomwera kapu ya madzi.

Dokotalayo anandifunsa kuti mutu unandiyamba liti, ndiponso ngati pamtundu pathu pali anthu amene anagwa mwadzidzidzi. Kanali koyamba munthu kundifunsa, ndipo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anafotokoza kuti ndili ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene anthu amati bipi, kuti ndinali nawo kuyambira kale, ndipo mimba inangowakolezera. Anati akanadziwika ndisanatenge pakati, akanandipatsa mankhwala, akanandiletsa mchere, akanandiitana kudzadikirira ku chipatala masiku asanakwane. Sanalonjeze kuti mwanayo akanakhala ndi moyo. Anangoti ambiri amakhala nawo.

Amuna anga anali ataima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja. Anafunsa mwa mawu apansi ngati matendawa amabwera chifukwa cha zochita za mwamuna. Dokotalayo anati ayi.

“Chonde mubwerezenso, apongozi angawa amve.”

Anabwereza. Amayi anafunditsa nkhope ndi nsalu.

Titabwerera kumudzi, amayi anafotokoza zonse kwa azakhali. Iwo anayankha kuti a chipatala sadziwa tsempho, chifukwa m'mabuku mwawo mulibe. Nkhani inathera pomwepo. Anthu anapitiriza kuwaloza amuna anga kumbuyo, ndipo ku zitsime ankanena kuti mkamwini wa ku Zemba anadya mwana wake woyamba ndi chiwerewere. Ndinkayembekezera kuti tsiku lina adzamanga katundu n'kubwerera kwawo. Sanapite.

Ku Chipata anandipatsa mapiritsi n'kundiuza kuti akatha ndizikatenga ena pa kachipatala ka kwathu. Koma zinali zaka zija zosowa zinthu, pamene sopo, shuga ndi mafuta ophikira tinkaimira mizere ku boma n'kubwerako chimanjamanja. Mankhwala nawonso ankasowa. Mwezi uno alipo, miyezi yotsatira kulibe. Adokotala aja anali atasamutsidwa, ndipo m'malo mwawo munabwera anesi ena, mayi wa msinkhu wa amayi anga, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi chilankhulo cha kwawo kumpoto. Anabwera ndi kabokosi kopimira, ndipo ankapima aliyense wolowa pakhomo pawo, ngakhale wobwera ndi bala la khasu. M'miyezi yochepa anapeza anthu a bipi ambiri ndithu, ena ankhalamba, ena aang'ono ngati ine.

Poona kuti mapiritsi sakukwana, anatiuza kuti tizibwera Lachinayi lililonse ndi mphasa. Tinkakhala pakhonde la kachipatalako, mbali ya mthunzi. Ankatigoneka chagada, ena kuwakhazika motsamira khoma, n'kutiuza kuti titseke maso. Ankati tikoke mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mpaka mimba ikwere, tiugwire pang'ono, kenako tiutulutse ndi pakamwa ngati tikuuzira phala la mwana. Tikatero kwa kanthawi, ankati tifumbate manja mwamphamvu n'kuwamasula, tikweze mapewa mpaka m'makutu n'kuwagwetsa, tilume mano n'kusiya nsagwada zilende, mpaka kufika ku zala za kumapazi. Tsiku loyamba tinkangoseka. Agogo ena anagona tulo n'kuyamba kuliza mkonono. Ine ndinadabwa kuona kuti mapewa anga ndinali nditawanyamula m'mwamba zaka zonsezo osadziwa.

Ankatipima tisanayambe ndiponso tikamaliza, n'kutionetsa pa kagalasi pamene madzi onyezimira a m'kati mwake aima. Nthawi zambiri ankaima m'munsi pang'ono. Koma mayi ameneyo sankatinamiza.

“Izi si mapiritsi, amayi. Mapiritsi akabwera mudzamwe. Izi ndi zongothandizira kuti mtima usamathamange ngati ukupirikitsidwa.”

Anatiuzanso kuchepetsa mchere ndi soda wa m'ndiwo, ndi kuti tizichita zopumazo kunyumba tsiku lililonse, makamaka masana tikaweruka kumunda. Apo m'pamene panagona vuto. Kupuma n'kosavuta pakhonde la chipatala. Kumudzi mkazi wogona pamphasa dzuwa lili pamutu, maso ali tseke, wopanda malungo, wopanda bala looneka, ndi nkhani ya mudzi wonse. Azakhali anandipeza tsiku lina nditatero kuseri kwa nkhokwe. Anaima n'kundiyang'ana, n'kufunsa ngati ulesi masiku ano akuuphunzitsa ku chipatala. Anapita kukadandaula kwa amayi kuti ndikuchititsa manyazi malangizo awo. Anthu omwewo amene anandimwetsa mchere ndiwo ankawerenga nthawi imene ndagona.

Amuna anga ndiwo anandiimira. Ankati ndikalowa m'nyumba kukapuma, iwo ankakhala pakhomo kukonza khasu kapena kusoka thumba, ndipo wobwera aliyense ankamuuza kuti abwerenso. Anayamba kutunga madzi ndi zigubu panjinga kuti ndisamasenze ndowa kukwera chitunda. Amuna anzawo ankawaseka kuti ndinawadyetsa mankhwala. Ena ankati akulipira tchimo lawo lija. Chilichonse chimene ankachita, anthu ankachipotozera ku mlandu umene sanapalamule.

Kenako kunabwera atcheya a amayi a chipani, mayi wa wezulo m'khosi, kudzasonkhanitsa ovina chifukwa kunkabweranso alendo ku boma. Ndinawauza kuti anesi anandiletsa kukhalitsa padzuwa. Anati ngati ndili ndi mpweya wouzira m'mwamba tsiku lonse, ndili nawonso wovinira, ndipo anafunsa ngati ndikudana ndi boma. Masiku amenewo funso limenelo silinali locheza. Munthu ankatha kubwezedwa pamsika kapena pogula feteleza chifukwa cha mawu otere. Ndinapita. Tinavina kuyambira m'mawa, alendo n'kufika dzuwa litapendeka, ndipo pobwerera ndinkayenda chogwira mnzanga paphewa chifukwa njira sinkaiona bwino. Lachinayi lotsatira anesi atandipima anakwera njinga yawo kupita kwa atcheya. Chimene anakambirana sindichidziwa. Kuyambira pamenepo ankandiika m'gulu la oomba m'manja pansi pa mtengo. Kundisiya kunyumba sanalole.

Anesiwo ankakonda kutiuza kuti potulutsa mpweya tizitulutsanso zimene zatikwiyitsa. Zambiri zinkatuluka: mbuzi za eni zodya mbewu, mawu a ku zitsime, mizere ya sopo. Koma ndikangotseka maso, nthawi zambiri ndinkaona tebulo lija ndi wailesi. Ndinawauza. Sanandidzudzule. Anati ndiziyamba ndi manja ndi mapewa, zinazo zidzatsatira pa nthawi yake.

Adokotala aja ndinadzakumana nawo kamodzi, pa boma, ndikudikira minibasi ya ku Chipata. Anali atanenepa, atanyamula chikwama. Ndinawapatsa moni mwaulemu n'kudzifotokoza. Sanandikumbukire. Ndinawakumbutsa za tsiku la wamkulu wa chipani, za mutu wa unamwali, ndipo ndinawauza za mwana. Pomaliza ndinafunsa chimene ndinafuna kufunsa, chifukwa chimene sanandipimire pamene chopimiracho chinali pa tebulo pawo.

Anapepesa za mwanayo monga munthu amapepesera maliro a mlendo. Kenako anati masiku amenewo bipi ankaidziwa ngati matenda a mabwana a m'tauni, odya nyama ndi kukwera galimoto, osati a mtsikana wa kumunda. Anati ansembe ankangotumiza anthu osanena choti apimidwe, ndipo iwo ankayang'ana matenda opatsirana basi. Anawonjezera kuti akanati azipima aliyense wodandaula mutu, sakanaweruka. Minibasi yawo itafika anakwera, nakhala pawindo, nayamba kusenda nthochi. Ine ndinakhala pa mwala n'kuyamba kukoka mpweya monga anandiphunzitsira, anthu akundiyang'ana, chifukwa ndinamva kunkhongo kukuyamba kukoka.

Tinakhala zaka zingapo osayesanso mwana, monga anatilangizira ku Chipata. Zimenezonso zinali ndi mawu ake. Akatekisiti anatikumbutsa kuti ana sakanidwa, ndipo achibale a amuna anga anawauza kuti akwatire wina. Pamene tinayesanso, anesi ankandipima sabata iliyonse, nandisungira mapiritsi oyenera mayi wapakati, ndipo masiku atayandikira ananditumiza kukadikirira ku chipatala chachikulu. Mapazi anatupa pang'ono, magazi anakwera, koma panali anthu owayang'anira. Ndinabereka mwana wamwamuna, wamng'ono ngati botolo, wolira mokweza. Pambuyo pake kunabweranso wamkazi, ndipo madokotala anati basi, tilekere pomwepo.

Nditakhala mayi wa ana, anayamba kundiitana nawo polangiza anamwali. Woyamba amene ndinalowa nawo anali mwana wa azakhali omwewo, chitsirizira chawo, amene ankakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku boma. Amayi ake salowa polangiza mwana wawo, choncho azakhali anali panja kuphika. Ndinamvetsera pamene anzanga ankanena zawo zonse, ndipo atamaliza ndinamufunsa mtsikanayo ngati mutu umamupweteka, ngati amaona timoto m'maso, ndiponso ngati ku chipatala anamukulunga kansalu pamkono. Anati anapitira ku kachipatala ka kufupi ndi kwa mwamunayo, ndipo anangomuona lilime. Ndinamuuza kuti matendawa amayenda m'magazi a pamtundu, kuti akadzatupa mapazi ali ndi pakati asadzalole kukhazika mwamuna wake pabwalo, athamangire ku chipatala tsiku lomwelo. Amayi ena aja anayamba kutsokomola. Wina anati zimenezo si za m'nyumba ino.

M'mawa mwake ndinamutenga mtsikanayo kupita naye kwa anesi, ntchito za ukwati zili m'kati. Anamupima, namufunsa mafunso ali awiri m'chipinda chitseko chili chotseka, ndipo anapeza kuti magazi ake ali bwinobwino. Ndinasangalala. Titabwerera, azakhali anali ataima pabwalo manja ali m'chiuno. Atamva kuti sanamupeze ndi kanthu, anaseka.

“Mwaona nanga? Wangomutopetsa mwana ndi kumuopseza. Ukufuna aliyense adwale ngati iwe?”

Ndinawayankha kuti ndikufuna aliyense apimidwe, wodwala ndi wosadwala yemwe, chifukwa kupimako sikupweteka. Anati ndaphunzira mwano ku chipatala. Kuyambira tsiku limenelo sanandiitanenso polangiza namwali aliyense wa m'mudzi mwathu.

Azakhali anakhala ndi moyo zaka zambiri. Tinkapatsana moni, tinkapatsana ndiwo, ana anga ankawatungira madzi, ndipo atadwala amuna anga ndiwo anawanyamula panjinga kupita nawo ku chipatala. Pa maliro awo anakumba nawo manda. Mpaka tsiku limenelo azakhali anali asanawauze ngakhale liwu limodzi lopepesa, ndipo mwa onse amene anakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lija, palibe amene anabwera kudzanena kuti tinakunamizirani.